Kwa eni shopu ya masipeyala ku Booysens: bwezani R3,180 yanga ya ma shock

Bwana mwini shopu, ndikulemba poyera chifukwa foni yanga simukuyankha, ndipo mauthenga a pa WhatsApp mukungowerenga n'kukhala duu. Dzina la shopu sinditchula lero. Inu mukudzidziwa, ndipo Amalawi a ku Rosettenville ndi ku Turffontein muno mu Joni amene mumawakopa m'magulu athu kuti azigula kwa wakwawo akudziwa amene ndikunena.

Chakumayambiriro kwa mwezi uno ndinabwera kudzagula ma shock awiri akutsogolo a Benzi yanga, Mercedes-Benz 230E ya 1982. Ndinalipira R3,180 kashi, lisiti ndili nalo. Pa kauntala ndinanena momveka kuti galimotoyi ndi W123, ndinaonetsanso chithunzi cha nambala ya chassis, pomwe 123 yalembedwa poonekeratu. Mnyamata wanu sanayang'ane n'komwe. Anangomva "230E", n'kudina pa kompyuta, n'kunditulutsira mabokosi awiri omata ndi tepi, amvekere musatsegule pano bambo, ndi omwewo.

Si omwewo. Anandipatsa a W124.

Abale amene simudziwa za Benzi zakalezi, mundimvetse. Dzina loti 230E lili pa magalimoto awiri osiyana. W123 inapangidwa kuyambira 1976 mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo zambiri zimene timaziona m'misewu ya Joni muno zinalumikizidwa ku East London konkuno. W124 ndi imene inabwera pambuyo pake, nayonso ili ndi 230E yake. Kutsogolo kwa W123 shock ndi yowonda, pamwamba ili ndi ndodo yodutsa m'marabala, pansi imamangidwa ndi mabawuti awiri ang'onoang'ono pa mkono wam'munsi. Ntchito yake ndi kuletsa galimoto kudumphadumpha, basi. Ya W124 ndi chichitsulo chonenepa chimene chimamangidwa kumene kuli tayala, ndipo chimathandiza kugwira tayalalo kuti liime bwino. Ngakhale mwana wongoyamba kumene kuphunzira umakaniko akaziika pamodzi aona kuti n'zosiyana. Nanga munthu wolandira malipiro pa kauntala ya masipeyala alephera bwanji?

Makaniko wanga anali atakweza kale galimoto pa jeke, matayala atachotsa, ma shock akale atamasula. Potsegula bokosi anangogwira m'chiuno. Ndinamulipira R450 ya ntchito imene sinatheke, chifukwa iye mbali yake anachita ndipo ali ndi ana oti adye.

Koma chimene chandipsetsa mtima kwambiri ndi zimene zinachitika nditabwerera kushopu kwanu. Kulakwitsa aliyense amalakwitsa, ndikanapatsidwa oyenera nkhani ikanathera pomwepo. Ndinanyamula mabokosi awiri olemera aja pa taxi, n'kufika mwaulemu, n'kufotokoza. Mnyamata yemwe uja anali pa foni yake, osadzutsa mutu. Atamaliza zakezo anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kunena mokweza, makasitomala ena akumva, kuti magalimoto a agogo ngati amenewa amangovutitsa anthu, ndikagulitse kwa ogula zitsulo ndigule galimoto yeniyeni. Anzake akumbuyo anaseka. Ine bambo wa ana akuluakulu, imvi zili mbuu, kusekedwa ndi mwana woti ndikhoza kumubereka, pa ndalama yanga yomwe! Ndipo analankhula m'Chichewa, chilankhulo chathu, kuti chipongwecho chindilowe bwino. Kodi kwanu anakuphunzitsani kuyankha akulu chotero, achimwene? Nanga inu bwana, munamulemba ntchito yogulitsa kapena yonyoza ogula?

Kenako anandiuza kuti popeza bokosi latsegulidwa, adula 20 peresenti, yomwe ndi R636, ndipo yotsalayo sangandipatse m'manja koma kapepala koti ndidzagulire zina m'shopu momwemo. Ndikanadziwa bwanji kuti katunduyo ndi wolakwika osatsegula bokosi, pamene iye mwini anandiletsa kutsegula pa kauntala? Ma shock aja sanamangidwe pa galimoto, alibe ndi kachizindikiro ka sipanala komwe. Nditapempha kuonana ndi inu anati mwatuluka. Ndinabweranso tsiku lina, mwatulukanso. Galimoto yanu ndinaiona panja.

Benzi imeneyi si yosewerera. Ndinaigula yotopa, ndakhala ndikuikonza pang'onopang'ono ndi ndalama za thukuta, ndipo masiku ano ndi imene imanyamula akwati pa maukwati a Amalawi kuno. Loweruka lapitali inayenera kunyamula mkwatibwi kupita kutchalitchi. Inakhala pa zitsulo kwa makaniko, ine n'kubweza R2,500 imene banjalo linapereka kale, n'kupepesa kwa ankhoswe manyazi ali tho. Ma shock akale sindikanawabwezeretsa. Akumanzere anali atatha mafuta, galimoto inkayenda ngati bwato pa nyanja nthawi ya mwera, ukaponda buleki mphuno n'kugwada, matayala akutsogolo akudyeka mabangamabanga. Ndi maenje a m'misewu yathuyi, sindinganyamule mwana wa eni pa tsiku la ukwati wake mu galimoto yotero.

Ndipo musanene kuti katundu wa galimoto yakale ndi wosowa ndiye ndilandire chilichonse. W123 ndi imodzi mwa Benzi zimene zinapangidwa zochuluka zedi, zoposa 2 miliyoni, ndipo makampani ngati Bilstein ndi Sachs ali ndi ma shock ake. Wogulitsa wodziwa ntchito akanandifunsa mafunso. Ndi yamtundu wanji, saluni kapena station wagon, poti ya wagon kumbuyo ili ndi makina a mafuta odzikweza okha ikalemedwa, ndipo shock wamba salowapo. Mukufuna ofewa ngati amene inabwera nawo ku fakitale, kapena olimba? Pa galimoto ya zaka zoposa 40 funso limeneli ndi lalikulu, chifukwa ma shock olimba kwambiri amapatsira kugunda konse ku marabala okalamba ndi ku thupi la galimoto, kufewa kumene anthu amaikondera Benziyi n'kutha. Akanayerekeza utali wa shock itatambasuka ndi itafinyika, akanaona mamangidwe a pamwamba ndi pansi, akanandikumbutsa kusintha marabala a pamwamba nthawi yomweyo. Zimenezi ndiye ntchito ya pa kauntala. Ine ndinagula awiri chifukwa ndikudziwa kuti ma shock amasinthidwa mbali zonse ziwiri limodzi, ndinabwera ndi nambala ya chassis, ndinachita zonse zimene wogula ayenera kuchita.

Mwina mukuganiza kuti poti ndife alendo m'dziko muno tingoluma mano n'kukhala chete. Ambiri amaterodi, amaopa kulimbana ndi maofesi, ndipo ena mumadyerapo pa mantha amenewo. Ine ayi. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008. Gawo 55 likunena kuti ngati wogula wauza wogulitsa ntchito imene akufunira katundu, katunduyo ayenera kugwira ntchito imeneyo. Gawo 56 likupatsa wogula miyezi 6 yobwezera katundu wosakwaniritsa zimenezi popanda chilango, ndipo wosankha pakati pa kusinthitsa ndi kulandira ndalama ndi wogula, osati mnyamata wa pa kauntala. Chikwangwani chanu choti ndalama sizibwezedwa sichiposa lamulo.

Abale a pa Joni, makamaka inu okonza ndi oyendetsa magalimoto akale, a Cressida, a Cortina, a Datsun 1400, ndiuzeni ngati ndikulakwa. Ndipo amene zinakuchitikiranipo pa shopu imeneyi lembani pansipa, chifukwa m'mene mnyamata uja anayankhira mopanda mantha zikuonetsa kuti sindine woyamba. Pogula musalole kuchoka pa kauntala bokosi lisanatsegulidwe, ndipo shock yakale muzipita nayo m'manja.

Bwana, chimene ndikufuna ndi ichi. R3,180 yanga yonse, ndalama osati kapepala, osadulapo ngakhale senti. R450 ya makaniko muibwezenso poti inatayika chifukwa cha wantchito wanu. Za R2,500 ya ukwati tikhala pansi tikambirane ngati anthu akulu. Ndipo mnyamata uja apepese pa kauntala pomwepo pamene anandinyozera. Ma shock a m'shopu mwanu sindikuwafunanso, ndikagula kwina.

Ndikukupatsani mpaka Lachisanu likubwerali. Likadutsa ndikukapereka dandaulo kwa Motor Industry Ombudsman, ofesi yomva madandaulo a ogula pa nkhani za magalimoto, ndipo ngati kutero sikukwana ndipita ku Small Claims Court, kumene milandu ya ndalama zochepa imaweruzidwa popanda loya. Tsiku lomwelo ndiika pano dzina la shopu, chithunzi cha lisiti ndi cha ma shock awiri aja pambali pa akale, komanso pa Hellopeter, tsamba la pa intaneti la madandaulo a ogula, ndi m'gulu lililonse la Amalawi limene mumatsatsiramo malonda anu. Nambala yanga muli nayo, ili pa lisiti lanu lomwe.