Dandaulo kwa eni nyumba ya magemu kuno ku Ulongué pa kuchotsedwa kwa PES 2021

Bambo mwini nyumba ya magemu, pamodzi ndi achimwene amene munawaika kuti aziyang'anira makina anu, ndikulemba pano pa tsamba lanu la Facebook chifukwa nkhaniyi tinayesa kuikamba pakamwa ndipo sinapite patali. Mnyamata wolandira ndalama anatiyankha mwaulemu kuti iye amangotsata zimene abwana alamula, ndipo popeza abwanawo ndinu, komanso simupezeka pamalopo kawirikawiri, ndaona kuti ndi bwino dandauloli lifike poti inu muliwerenge nokha, ndiponso poti anzanga amene timasewera nawo ligi ya Loweruka athe kutsimikiza kapena kutsutsa zimene ndikunena.

Mwachotsa gemu ya mpira wa miyendo ya PES 2021 pa makina anu onse a PlayStation 4 ndi kuikapo ina yatsopano ya eFootball, osatiuza ngakhale pa kapepala kopachika pakhomo. Mwachita zimenezi ligi yathu ili pakati pa chigawo chachiwiri, anthu atalipira kale ndalama zolowera, zimene gawo lake lina munalandira inu monga eni malo. Choipitsitsa n'chakuti pofuna kupeza malo oikapo gemu yatsopanoyo, anyamata anu anafufuta zonse zimene zinasungidwa m'makinamo, kuphatikizapo matimu amene tinapanga tokha ndi ma Master League (mbali ya gemu imene munthu amakhala mphunzitsi wa timu yake) amene anthu ena anali atawayendetsa kwa nyengo zambiri.

Ndisanapitirire, ndinene poyera kuti kusintha kwa gemuyi sikunayambire pa khomo panu, ndipo palibe amene akukuimbani mlandu wa zimene zinagamulidwa ku Japan. Kampani ya kumeneko ya Konami inayamba kutulutsa gemuyi ndi dzina la Winning Eleven mu 1995, ndipo dzina la Pro Evolution Soccer (PES) linabwera mu 2001. Ambiri a ife amene tsopano tili ndi mabanja tinaphunzira kugwira kontirola pa PES 6 ya mu 2006, pa PlayStation 2 yolumikizidwa ku TV ya chimsana kuseri kwa golosale. Kwa zaka zonsezo gemuyi inkasintha chaka ndi chaka, koma munthu amene anaidziwa chaka chatha sankasochera pa ya chaka chino. Zinthu zinatembenuka pa 30 September 2021, pamene Konami inasiya dzina la PES, n'kutulutsa eFootball 2022 ngati gemu yaulere yoti munthu angoitsitsa pa intaneti, yomangidwa ndi pulogalamu yopangira magemu ya Unreal Engine m'malo mwa Fox Engine imene inagwira ntchito kuyambira pa PES 2014. Inatuluka ndi makalabu 9 okha oti anthu awiri okhala pamodzi n'kusewera, inalibe Master League, ndipo inalibenso mbali ija ya Edit yopangira matimu. Zithunzi za nkhope zopotoka za Messi ndi Ronaldo, ndi za oyimbira mpira akutsetsereka chafufumimba pa udzu, zinazungulira dziko lonse, ngakhale m'magulu athu a WhatsApp kuno ku Angónia zinafika. Pa Steam, msika wa magemu a pa kompyuta, inakhala gemu imene anthu anaipatsa ndemanga zoipa kuposa ina iliyonse pa nthawiyo, mpaka Konami inapepesa poyera tsiku lotsatira.

Chimene chinapweteka osewera akale kwambiri sichinali nkhope ayi, chinali m'manja. Mu PES, mdani wako akakhala ndi mpira, umatha kudina batani limodzi kuti wosewera wako wachiwiri amuthamangire, iwe uli kutseka njira yopatsirana ndi wosewera amene ukumuyendetsa. Kutchinga konse kwa anthu ambiri kunamangidwa pa batani limenelo, ndipo eFootball 2022 inatuluka italichotsa. Anthu anadandaula kwambiri, ndipo pamene mtundu wa 1.0.0 unatuluka pa 14 April 2022, utachedwa kuchokera mu November 2021, kuitana mnzako kuti apanikize kunabwezeretsedwa, pamodzi ndi zatsopano monga kugunda ndi phewa ndi kumenya mpira mwamphamvu kumene anakutcha Stunning Kick. Ndikukumbutsani zimenezi, bambo, kuti muone kuti ngakhale kampani yaikulu chotero inamva kulira kwa oisewera ndi kubweza zina zimene inachotsa. Ngati a ku Tokyo anatha kumvera anthu amene sanawaonepo, sindikuona chovuta kwa inu kumvera ife amene timakupatsani moni pamsika.

Sindikunena kuti eFootball ya lero ndi yofanana ndi ya tsiku loyamba lija. Yakonzedwa kwambiri, ndipo ana ambiri a kuno, kuyambira ku Ulongué mpaka ku Domué, amaisewera pa foni ndipo amaikonda. Mnyamata wanu anatiuza kuti ndi ana amenewa amene ankaipempha, ndipo ndikukhulupirira kuti akunena zoona. Nawonso ndi makasitomala anu, ndipo ali ndi ufulu wopeza chimene akufuna. Koma kuwapatsa iwo sikunafunike kutilanda ife, pakuti makina muli nawo angapo, ndipo PES 2021 ili pa disiki imene sifuna intaneti kuti anthu awiri akhale pansi n'kusewera. Palibe amene anakukakamizani kuichotsa. Disikiyo tinaiona ndi maso athu ili m'kabati ya pansi pa tebulo lolandirira ndalama, m'chikwama chake chomwe chija chong'ambika pakona. Zili ngati mwini chigayo amene wachotsa sefa ya ufa woyera chifukwa chakuti ena amakonda mgaiwa, n'kumauza amayi amene abwera ndi mphale yawo kuti azolowera.

Za matimu amene munafufuta ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndikukayika ngati mukudziwa chimene chinali m'makina anu. Gemu ya PES 2021 siibwera ndi Moçambola, ligi yaikulu ya mpira ya dziko lathu la Mozambique. Munthu wa ku Tete akaitsegula amapeza Barcelona, Bayern, Juventus ndi Manchester United, koma timu ya kwawo saipeza. Mmodzi wa anzathu, mnyamata amene masana amanyamula matumba a mbatatesi pa njinga yamoto, ndiye anadzipereka kukhala madzulo ambiri, akulipira nthawi ya makina ndi ndalama zake, kupanga matimu a m'dziko muno mmodzimmodzi. Ankafika ndi kope la sukulu lolembamo mayina a osewera amene anawamva pa wailesi, n'kumalowetsa chilembo chimodzichimodzi ndi kontirola, ntchito imene aliyense amene anayesapo amadziwa mmene imatopetsera zala. Jezi anazijambula pa kompyuta ya mnzake, n'kuzibweretsa pa fulashi: yachikasu ya Costa do Sol, yobiriwira ya Ferroviário, ndipo anthu ankaima kumbuyo kwake kukangana ngati goloboyi wakutiwakuti ayenera kupatsidwa mphamvu zochuluka chotero. Anapanga União Desportiva do Songo, timu ya m'chigawo chathu chino imene inatenga Moçambola mu 2017, mu 2018 ndi mu 2022, anapanganso Chingale ya mumzinda wa Tete. Anakonzanso Mambas, timu ya dziko lathu, kuti Reinildo Mandava ndi Geny Catamo aoneke ngati iwo eni. Tsiku limene Songo inkakumana ndi Chingale pa TV yanu yaikulu ija, m'nyumbamo munkadzaza mpaka anthu kusuzumira pawindo, ndipo zakumwa za m'firiji yanu zinkatha dzuwa lisanalowe. Ngakhale abale athu a ku Dedza akawoloka pa Calómuè kudzagula katundu, ena ankapatuka kudzaona, n'kumapempha kuti tiwaikiremo matimu a kwawo. Ntchito imeneyi inakokera anthu pa malo anu, inu simunalipirepo kanthu, ndipo yafufutidwa popanda ndi mmodzi yemwe womufunsa mwini wake ngati anali ndi kwina kumene anaisunga. Zimene zinapangidwa mu PES sizingasamutsidwire mu eFootball, choncho ngakhale fulashi yake itapezeka kuti ili ndi jezi zija, ilibe ntchito malinga ngati gemu yakaleyo ili m'kabati.

Palinso nkhani ya ndalama. Kale tinkalipira pa mpira uliwonse: mwasewera, mwamaliza, mwalipira. Pamodzi ndi gemu yatsopanoyi mwayamba kulipiritsa potengera nthawi, ndipo wotchi imayamba kuwerenga munthu akangokhala pampando. Izi zikanakhala zopirika gemu ikanakhala yongotsegula n'kuyamba, koma eFootball imadalira intaneti pa mbali zake zambiri, ndipo imafuna update kawirikawiri. Loweruka lapitali ndinaona ana awiri a sukulu atasonkherana timakobiri tawo, atakhala ndi makontirola m'manja, akuyang'ana kamzere ka update kakukwawa pa TV chifukwa netiweki inali yofooka, monga mmene imakhalira kuno mitambo ikangochita mdima. Pamene gemu inkatseguka n'kuti theka la nthawi yawo litapita, ndipo mnyamata wanu anawadzutsa mpira uli pakati, wina akutsogola ndi chigoli chimodzi. Anawo sanatsutse, anangoika makontirola pansi n'kutuluka. Inu mukudziwa bwino kuposa ine mmene mamega amathera ndiponso mmene netiweki ya kuno imavutira, ndiye posankha gemu yodalira zinthu zimenezi munayenera kusenza nokha mtengo wa kudikirako, osati kuusenzetsa mwana amene wabwera ndi meticais zake zochepa zimene wasunga sabata yonse.

Pamene tinafunsa za ligi, tinauzidwa kuti tingoipitiriza pa gemu yatsopanoyi, ndipo ofuna matimu amphamvu alowe ndi maakaunti awo a Dream Team. Apa ndiye pali kusamvetsa chimene ligiyo inali. Tonse tinkasankha pa matimu omwewo, ndipo wopambana ankapambana chifukwa cha luso la manja ake. Mu Dream Team munthu amamanga timu ndi osewera amene wawapeza posewera kapena powagula ndi makoini, ndipo makoiniwo amagulidwa ndi ndalama zenizeni. Wogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize amene wabwera kumudzi pa tchuthi angathe kufika ndi timu imene mlimi wa ku Tsangano sangaifikire, ngakhale mlimiyo atakhala kuti amamuposa kusewera. Komanso si chilungamo kuti mapointi amene anthu anawapeza ndi kaseweredwe kena aphatikizidwe ndi a kaseweredwe kena. Amene akutsogola ligi pakadali pano ndi bambo wachikulire ndithu amene sanagwirepo eFootball, ndipo amene ali pambuyo pake ndi mnyamata amene amaisewera pa foni tsiku ndi tsiku. Aliyense angathe kuona kumene chikhocho chingapite mukatikakamiza kutero, ndipo mnyamatayo mwini wake wanena kuti chikho chotero sakuchifuna.

Mwina mudzati dziko likupita patsogolo ndipo zakale ziyenera kusiyidwa. Taonani kaye zimene zikuchitika kwa ena. Kampani ina yopanga magemu a mpira ya EA, itasiyana ndi bungwe la FIFA patatha zaka 30, inatulutsa EA Sports FC 24 mu September 2023, ndipo nayonso yakhala ikumva madandaulo a oisewera chaka chilichonse pa liwiro la gemu ndi pa katchingidwe. Pa FC 26 ya mu 2025 inafika poika mitundu iwiri ya kaseweredwe m'gemu imodzi, wina wothamanga wa opikisana pa intaneti, wina wodekha wofanana ndi mpira weniweni, chifukwa inaona kuti oisewera safuna chinthu chimodzi onse. Ndipo PES 2021 imene inu mukuiyesa yakutha, anthu m'mayiko ambiri akuisewerabe mpaka lero, akumakonza okha mayina a osewera ndi jezi za nyengo iliyonse n'kumagawana pa intaneti. Ife a kuno sitili tokha, ndipo si umbuli kapena kuopa zatsopano kumene kukutichititsa kuikakamira.

Chimene tikupempha si chachikulu. Bwezeretsani PES 2021 pa makina awiri okha, ena onsewo akhale a eFootball kuti ana aja nawonso asangalale, ndipo mudzaona nokha pakutha kwa mwezi mbali imene ikulowetsa ndalama zambiri. Ligi ithere pa gemu imene inayambira, ndipo ngati zimenezi simungazilole, bwezani ndalama zolowera kwa aliyense, zonse, kuphatikizapo gawo lija munatenga inu. Mnyamata amene anapanga matimu a Moçambola wanena kuti ali wokonzeka kuyambiranso, koma ndikuona kuti n'koyenera kuti ulendo uno mumupatse nthawi ya makina mwaulere, ndiponso kuti mumupepese pamaso, pakuti chimene munamuwonongera sichigulidwa m'sitolo. Pa za wotchi, iziyamba kuwerenga woyimbira akaliza wezulo yoyamba, osati munthu akakhala pampando.

Anzathu a mu ligi agwirizana kuti sasewera mpira uliwonse wa ligi mpaka titamva kuchokera kwa inu. Loweruka likubwerali masana tidzakhala tili pamalopo monga mwa nthawi zonse, ndipo tingakondwe mutabwera nokha kuti tikambirane maso ndi maso. Ngati simungathe kufika, tiyankheni pansi pa uthenga uno, poyera, kuti onse amene analipira aone yankho lanu. Zikomo.