Mabwana, musataye timapulogalamu ta Z musanaone nyengo yogula

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za makampani amene akusamutsa ma sisitimu awo kupita ku cloud, kutanthauza makompyuta a kutali ogwiritsa ntchito kudzera pa intaneti, chifukwa nkhaniyi yafika ndi kuno ku Chipata ndipo mabwana ena akuiona mopepuka kwambiri. SAP, kampani ya ku Germany yopanga mapulogalamu oyendetsera bizinesi, inanena kale kuti sisitimu yake yakale ya ECC idzaithandiza mpaka kumapeto kwa 2027, ofuna kufika 2030 alipire zoonjezera, ndiye manje aliyense ali pa liwiro kupita ku sisitimu yake yatsopano ya S/4HANA.

Pamene pagona nkhani ndi pa timapulogalamu tomwe kampani inadzilembera yokha mu ABAP, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a SAP, tija mayina ake amayamba ndi Z. Tengani kampani ya thonje kapena fodya yopereka mbewu, feteleza ndi mankhwala pa nkhongole ku Katete, Petauke, Lundazi uko, nthawi yogula ikafika kompyuta imaona giredi, imadula nkhongole mlimi asanagwire ndalama, mwina imadziwanso kuti wakuti anatsala ndi zingati chaka chatha. Zimenezo sizinabwere kuchoka ku Germany ayi, alipo anakhala pansi nkulemba, ndipo kawirikawiri munthuyo anapita kalekale ku Lusaka kapena ku Joni osasiya ngakhale kapepala kofotokoza.

Ma consultant amalimbikira za clean core, ati mkati mwa sisitimu musagwiremo, zanu zikhale pambali pa BTP, malo a SAP a pa cloud oikapo mapulogalamu anuanu. Apa sindiwatsutsa, ku cloud ma update amabwera pafupipafupi ndipo zomwe munasokerera mkati ndi zimene zimayamba kusweka. Komanso kunena zoona zambiri ndi zinyalala, malipoti amene anapempha bwana wina amene anapuma ntchito kale, palibenso amawatsegula.

Koma mudziwa bwanji kuti ichi chakufa ichi chamoyo? Pali pulogalamu ya SAP yotchedwa SCMON imene imalemba code iliyonse ikagwira ntchito, chabwino, koma ife bizinesi yathu imayenda ndi mvula. Mukayeza mu Febuluwale chimanga chikali kumunda, pulogalamu yolipira alimi idzaoneka ngati palibe amaifuna, consultant nkuifufuta, kenako Juni akwana alimi ali pa mzere ku depoti ndi mabelo awo kalaliki akutuluka thukuta. SCMON isiyeni iyende chaka chathunthu, igwire nyengo yogula ndi kutseka mabuku komwe. Ndipo afunseni makalaliki aja, iwowo ndi amene amadziwa batani limene amadina tsiku lililonse, osati a mu boardroom okha.

Za Smart Invoice ya ZRA, NAPSA ndi NHIMA nazo ziyesedwe bwino, a misonkho samva zoti tinali kusamuka. Nanga ku depoti kumene netiweki imathawa malaiti akazima, sikelo iziyembekeza intaneti?

Pempho langa, musanazimitse sisitimu yakale tengani malipiro onse a alimi a sizoni yatha muwalowetse mu yatsopano, muyerekeze mlimi ndi mlimi mpaka pa ngwee. Pakapezeka kusiyana, consultant asalandire cheke yomaliza.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Kapata, Chipata