Mfundo 5 m'envelopu

Mangochi,
mwezi wa Julayi

Aise,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu, ngakhale ndikudziwa kuti miyezi ino chisanu cha kumeneko chimalowa mpaka m'mafupa. Kuno tilipo. Mayi ako ndinakumana nawo Lachisanu pafupi ndi wotchi ya pa boma akuchokera kumsika, ali bwino, mwendo uja wasiya kuwavuta. Mbuzi zako zakwana 7 tsopano, yamawanga ija inaswa mapasa.

Usadabwe kuti ndalemba papepala pamene WhatsApp ilipo. M'envelopu muno mulinso tizingwe tomangamanga, ndipo foni sikanatha kutinyamula. Usatitaye poganiza kuti ndi mankhwala a kwa sing'anga. Werenga kaye.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Kumayambiriro kwa Juni ndinabwereka bwato la amalume kuti ndikaponye mbedza. Ukudziwa kuti chikwerereni madzi mu 2024, mchenga uja tinkakokerapo mabwato unachepa, moti masiku ena timangomangirira bwato pachikhomo lili m'madzi. Ndinabwerako kuli chisisira, nditatopa, m'mimba muli pululu. Ndinatenga chingwe cha buluu chija, chatsopano, choterera, n'kumanga mfundo pamwamba pa mfundo, mwina 6, mpaka mtima unati basi, apa ngakhale mvuu singamasule. Usiku mwera unadzuka. M'mawa ndikupita kudooko ndinapeza chikhomo chili chiimire chokhachokha. Bwato palibe, chingwe palibe.

Tinalipeza mawa lake cha kumbali ya ku Nkope litakodwa m'bango, ndipo anyamata amene analiona sanalipereke chaulere. Kangachepe kanatuluka m'thumba mwanga.

Amalume sanakalipe, ndipo kukhala chete kwawoko n'kumene kunandiwawa kwambiri. Anangondipatsa chingwe chomwe chija n'kunena kuti, "Mphwanga, tandionetsa mmene unamangira." Ndinamanga pamtengo wa mango, ndikukunga ndi mphamvu zanga zonse. Iwo anagwira chingwecho n'kuyamba kukoka, kusiya, kukoka, kusiya, monga amachitira mafunde. Ndikuona ndi maso angawa, nsonga inayamba kukwawa pang'onopang'ono ngati nyongolotsi, mfundo yapamwamba n'kumasuka, inzake n'kutsatira. Amvekere, "Ichi ndi chisa cha mpheta, si mfundo. Wabadwira panyanja, wakulira usipa, koma ukumanga ngati mlendo wafika dzulo pa basi." Ndinalibe choyankha. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwaona akusoka ukonde pansi pa mtengo womwewo koma sindinafunsepo. Paja safunsa anadya phula.

Mwera ukamawomba alovi ambiri, asodzi a m'mabwato aja, salowa m'madzi, amakhala pamthunzi kukonza maukonde. Masiku amenewo ndi amene ndinakhala nawo pansi. Mayina achingerezi anandiuza mnyamata wina amene anaphunzira ku koleji ya za usodzi ku Mpwepwe, ndipo ndikulembera kuti ukafuna kuona pa YouTube usavutike. Amalume alibe nawo ntchito mayinawo. Iwo amangoti iyi ndi ya pachikhomo, iyi ndi ya ukonde.

Ya pachikhomo ndi imene ikanapulumutsa bwato, ndipo kuphweka kwake kumapsetsa mtima. Uzenge chingwe pamtengo kawiri kathunthu. Ukatero utenge nsonga, uidutsitse pamwamba pa chingwe chopita kubwato, uipise pampata umene watsala pakati pa chingwecho ndi mtengo, ukunge. Ubwerezenso kachiwiri molowera komweko. Yatha. Pachingerezi amati round turn and two half hitches. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kulemera konse kumagwidwa ndi kuzenga kuja, chifukwa chingwe chikamakhuzana ndi mtengo mphamvu ya chokokacho imathera pomwepo. Timfundo tiwiri tija ntchito yake ndi kungoletsa nsonga kuthawa. N'chifukwa chake ungathe kumasula ngakhale bwato likukoka, osafuna mpeni. Ukukumbuka tsiku lija tinapita ku Monkey Bay kukaona Ilala ikukocheza? Sitima yonse ija, imene yakhala ikuyenda panyanja pano chiyambire 1951, antchito ake amaigwira pongozengazenga chingwe chonenepa ngati mkono pazitsulo zija. Ife tinkangoyang'ana azungu otsika, nzeru yeniyeni ikuchitika pamphuno pathu.

Yachiwiri ikukhudza iweyo, ndipo apa ndiyenera kuulula. Mbuzi zako ndinkazimanga ndi mfundo yothamanga, ija imafanana ndi khwekhwe. Tsiku lina mu Meyi ndinapeza tonde uja atazungulira chitsa mpaka chingwe kutha, lilime lili panja, maso ali tong'o. Ndikanachedwa pang'ono ukanamva uthenga wina. Sindinakuuze nthawi imeneyo chifukwa ndinkaopa voice note ya mphindi 10.

Mankhwala ake ndi mfundo imene amaitcha bowline. Imapanga diso limene silikula kapena kuchepa, kaya chikoke chotani. Upime kaye kukula kwa diso limene ukufuna. Pamenepo upinde chingwe kupanga kabowo kakang'ono, mbali yopita kunsonga ikhale pamwamba. Nsonga ituluke pakabowoko kuchokera pansi, izungulire kumbuyo kwa chingwe chachitali, ibwerere kulowa pomwe inatulukira. Ugwire nsonga pamodzi ndi mbali ya diso, ukoke chingwe chachitali. Ikakhala bwino imaoneka ngati kakolala kogwira khosi la chingwe. Pomasula umangokankhira kakolalako kumbuyo, yonse imaphwasuka, ngakhale itakokedwa ndi ng'ombe tsiku lonse. Pambuzi ndimasiya mpata woti zala ziwiri zilowe pakati pa chingwe ndi khosi. Ndimamangiranso ndowa ya pachitsime, ndipo ndi imene ungaponyere munthu amene ali m'madzi kuti alowetse m'khwapa, chifukwa simufinya chifuwa.

Ili ndi khalidwe lake loipa, usati sindinanene. Ikakhala yopanda katundu n'kumagwedezekagwedezeka, makamaka pachingwe cholimba choterera, imakhwefuka. Usiye nsonga yaitali, pafupifupi chikhatho chathunthu pachingwe cha mbuzi, ndipo ngati ukukayika uimangirirenso nsongayo pambali ya diso. Komanso siimasuka chingwe chikadali chokungika, n'chifukwa chake pachikhomo amalume safuna kuiona.

Inanditengera masiku 4 kuti manja aigwire. Mutu unamva tsiku loyamba lomwe, koma zala zinkakana. Ndikatembenuza kabowo molakwika, pokoka zonse zinkangosololoka n'kutsala chingwe chowongoka, ana ali gwa kuseka. Amalume anandiuza kuti ndiyende ndi kachingwe m'thumba, ndizimanga ndikudikira tiyi, ndikumvera mpira pa wailesi, mpaka ndizitha nditatsinzina. Akuti panyanja usiku, nyali zitazima, mafunde akumenya, palibe amene adzakuunikire kuti uone nsonga yalowa pati.

Yachitatu ndi imene inandidabwitsa. Chingwe chikafupika, tonsefe timalumikiza ndi mfundo yomangira mtolo wa nkhuni ija, reef knot. Iyo ndi yabwino pamtolo, pathumba, pabandeji, bola uimange molondola: kumanja pamwamba pa kumanzere, kenako kumanzere pamwamba pa kumanja. Ukabwereza mbali imodzi kawiri umapeza mfundo yopotoka imene ndinaunjika pabwato paja, ija imati ikafuna iterereke, ikafuna ilume mpaka udule. Koma ngakhale yolondolayo si yolumikizira zingwe zonyamula katundu. Nsonga imodzi ikangokodwa penapake imagudubuka n'kusolola, makamaka zingwezo zikasiyana kunenepa.

Yolumikizira ndi sheet bend. Chingwe chonenepa uchipinde ngati mbedza. Chowonda chilowe m'mbedzamo kuchokera pansi, chizungulire kumbuyo kwa miyendo yonse iwiri, kenako chidzipise pansi pa icho chokha, osabwereranso m'mbedza. Nsonga ziwiri zifupi zithere mbali imodzi. Ngati zingwe zili zoterera, uzungulize kawiri usanakunge. Nditaimanga koyamba amalume anakoka ukonde umene unali pamiyendo pawo n'kundionetsa diso limodzi pafupi. Aise, ndi mfundo yomweyo. Diso lililonse limene amasoka potseka pong'ambika limagwidwa ndi iyo. Ndiye kuti chambo chonse cha m'matchera chimene tadya chibadwire chinakodwa ndi mfundo imene ine ndaidziwa ndili ndi imvi ziwiri m'ndevu. Ndipo ukaiyang'anitsitsa n'kuiyerekeza ndi bowline uona kuti mkati mwake ndi chimodzimodzi, kusiyana kwake n'kwakuti ina yamangidwa pachingwe chimodzi, ina paziwiri.

Pali ina yachangu, clove hitch, yozenga kawiri mopingasa nsonga n'kulowa pansi pa mzere womaliza. Ndi imene tinayambira pomanga nsichi za thandala latsopano loyanikapo usipa, ndiponso pokunga tenti pamaliro a kwa a mfumu mwezi watha. Imagwira bwino chikoka chikakhala cha mbali imodzi, koma mtengo ukamazungulira kapena chingwe chikamagwedezeka imayenda. Pabwato ayi.

Tsopano ya iweyo kwenikweni. Unanena kuti mu Disembala utumiza firiji ndi matilesi kudzera kwa a transipoti, ndipo paja chaka chatha njinga ija inafika itapindika foloko chifukwa katundu ankagubuduka m'ngolo njira yonse ya ku Tete. Phunzira trucker's hitch, ukaimirire pomwepo akamapakira. Nsonga imodzi uimange kuchitsulo cha mbali ina, chingwe uchiponye pamwamba pa katundu. Mbali yako, chapamwamba pang'ono, upotoze chingwe n'kusololamo kadiso. Nsonga itsike, ikoloweke kuchitsulo cha pansi, ikwere kukalowa m'kadiso kaja, kenako uikokere pansi. Uona chingwe chikulira ngati nsambo ya gitala. Utsine ndi zala pamene chapindikira kuti chisabwerere, umalize ndi timfundo tiwiri tija ta pachikhomo. Pamasamu mphamvu yako imachulukitsidwa katatu, ngakhale kukhuzana kwa zingwe kumadyako gawo lalikulu. Yotsalayo ndi yokwanira kuphwanya katoni, choncho pafiriji uike makatoni opinda kapena chiguduli m'makona, ndipo usakunge ngati ukulipsira. Kuno ndayamba kumangira madengu a usipa wouma pa njinga yamoto popita ku Namwera. Malegeni ndawasiyira a kabaza. Amagwira, sindikukana, koma tsiku limene lidzaduke likukungidwa, diso la munthu lili pafupi.

Za zingwe zenizenizo ndinene pang'ono, poti kumsika zonse amangoti nayiloni. Cha buluu chotchipa chija si nayiloni, ndi pulasitiki ya mtundu wina yotchedwa polypropylene. Uchiponye m'madzi uona chikuyandama, pamene nayiloni weniweni amamira. Ndi choterera, sichisunga mfundo bwino, ndipo dzuwa la kuno limachidya. Ukaona chayera n'kumatulutsa tiufa ndi timinga ukachipotoza, chatha ntchito, chisiyire zoyanikapo zovala. Nayiloni amatamuka, n'chifukwa chake amayenera pa nangula pomwe mafunde amakoka modzidzimutsa, koma akaduka atakungika amabwerera ngati chikwapu, usaime kutsogolo kwake. Cha khonje chimagwira mfundo bwino kwambiri, koma chikanyowa chimafufuma, mfundo n'kuluma, ndipo ukachisunga chonyowa chimaola. Cha pulasitiki ukadula uwotche nsonga ndi machesi kuti isamasuke, koma usaikanikize ndi chala, ndili ndi chipsera chondichitira umboni. Dziwanso kuti mfundo iliyonse imafooketsa chingwe pamene chapindika, ina mpaka theka la mphamvu yake. Unyinji wa mfundo zanga zija sunkawonjezera kanthu. Ndipo ndikupempha, zingwe za kumsikazi usadzayese kukwerera nazo padenga kapena kutsikira m'chitsime ngakhale mfundo utaidziwa bwanji. Za ntchito imeneyo ndi zina.

Chimene amalume amayesera mfundo ndi zinthu ziwiri. Amakoka kuti aone ngati yagwira, kenako amakuuza kuti umasule ndi zala zokha. Ukatulutsa mano kapena mpeni, walephera, ngakhale itagwira chotani. Poyamba ndinkaona ngati ndi nkhanza za ukalamba. Koma nditawerenga zingwe zimene ndadula pakhomo pano chifukwa cholephera kumasula, tizidutswa tili mbwee kuseri kwa khola, ndinaona kuti ndalama ya mbuzi yathunthu inapita ndi mpeni. Ndinawauza kuti a ndale nawonso amabwera ndi mfundo zawo pa kampeni, zija zimamasuka zokha mavoti akangowerengedwa. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti zimenezo n'zomangidwa ndi chingwe cha buluu.

Ndiye m'envelopumo muli mfundo 5. Ya pachikhomo ndi clove hitch ndazimanga pa timitengo, bowline ili payokha, sheet bend ndalumikiza chingwe choyera ndi chofiira kuti uone njira ya chilichonse, ndipo ya katundu ndaimanga mozungulira kabokosi ka machesi. Usazimasule zonse tsiku limodzi. Ugule chingwe cha mamita 2, uike chitsanzo patebulo, uzitsatira ndi chako. Zikakukanika undiimbire pa vidiyo Lamlungu madzulo, netiweki imagwira bwino ndikakwera pachulu paja.

Mnyamata amene wanyamula kalatayi anyamuka Lachiwiri, ndamupatsanso kaphukusi ka usipa wowamba ndi ufa wa kondowole wochokera kwa mayi ako. Kaphukusiko ndamanga ndine. Ukakalandira usafike ndi mpeni, upeze nsonga yofiira ukoke. Amalume akupereka moni, akuti ukamabwera uwagulire jekete yamvula yokhala ndi chipewa, saizi yaikulu. Upereke moni kwa alamu ndi anyamata onse a kwathu amene uli nawo kumeneko.

Ndine mnzako wa kudooko.