Hatchi ya agogo aja

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ako. Kuno ku Mangochi dzuwa likuswa mtengo, koma tonse tadzuka.

Unandifunsa pa foni ngati ndinapambana chess, masewera aja a pabolodi okhala ndi mfumu, hatchi ndi asilikali, Loweruka lija. Ayi mphwanga, ndinagonja. Koma tamvera mmene zinayendera.

Kalabu yathu timakumana pakhonde la sitolo ina chakufupi ndi mlatho wa pa Shire. Ndife anthu wamba, ena aphunzitsi, ena a kabaza, wina amagulitsa usipa. Tsikulo ndinakumana ndi agogo ena a imvi mbuu, akatswiri a bawo kuyambira unyamata wawo. Ine ndinatenga zoyera, ndiye woyamba kusuntha ndinali ine. Poyamba zinkandiyendera. Ndinawadyera asilikali awiri ndi bishopu, mtima wanga uli mwaa.

Agogowo anangoti phee, dzanja pachibwano. Kenako anatola hatchi yawo. Ukukumbukira mmene hatchi imayendera? Mabokosi awiri molunjika, kenako limodzi chammbali, ndipo ndi yokhayo imene imalumpha anzake pamutu. Inakatera pabokosi limene ine sindinaliyang'aneko n'komwe. Ili pamenepo, inaloza mfumu yanga ndi mfumukazi nthawi imodzi! Mfumu ikaopsezedwa sungachite china, uyenera kuipulumutsa basi, ndipo hatchi sungaitchingire njira. Ndinasuntha mfumu, mfumukazi n'kupita. Thukuta linatsika kumsana konseku.

Ndinalimbikirabe mpaka kumzikiti ataitana mapemphero a madzulo. Koma msilikali wawo mmodzi anakwawa pang'onopang'ono mpaka kukafika mzere womaliza, n'kusanduka mfumukazi. Ndinagoneka mfumu yanga pansi, n'kuwagwira chanza.

Chimene chinandisangalatsa n'chakuti agogowo sananyamuke. Anabwezera zonse pamene zinali, n'kundionetsa kuti hatchi ija inayamba kundizembera kalekale, pamene maso anga anali pa bishopu amene ndinkafuna kudya. Usiku wonse ndinkangoiona hatchiyo m'maso.

Tsono iwe uchite izi. Upeze katoni, ujambulepo mizere 8 ya mabokosi 8, onse akwane 64, loyera ndi lakuda mosinthana. Bokosi lapakona ya pafupi nawe kudzanja lako lamanja likhale loyera. Utolenso zitsekerero za mabotolo 32, za mitundu iwiri, 16 mbali iliyonse. Pa holide ubwere nazo. Tidzayamba ndi hatchi, ndipo ndidzakutenga ukawaone agogowo.

Uwapatse moni amayi ako ndi achemwali ako.

Ndine,
Amalume ako