Pempho kwa Amalawi a ku Diepsloot ndi Fourways: tithandizeni kuti ana athu aziwoloka msewu bwino

Makolo anzathu, abale ndi alongo muli kuno ku Joni,

Ndife komiti ya makolo a ana a sukulu, Amalawi okhala ku Diepsloot. Nkhani yathu ndi ya msewu wa R511, uja tinkautcha William Nicol, umene mu 2023 anaupatsa dzina la Winnie Mandela Drive. Akuluakulufe timaudutsa tili m'tekisi popita ku Fourways, ku Dainfern ndi ku Sandton kukagwira ntchito za m'nyumba, za m'munda ndi za ulonda. Ana athu amauwoloka wapansi.

Msewuwu wakhala ukukulitsidwa chigawo ndi chigawo, ndipo palibe akutsutsa, poti tonse tatopa ndi mdipiti wa magalimoto wa m'mamawa. Koma msewu ukatambasuka, galimoto imathamanga, ndipo mwana amene ankadumpha mizere iwiri tsopano adumpha inayi. Mu June ndi July dzuwa limatuluka cha m'ma 7 koloko, pamene ana ambiri anyamuka kalekale kudakali mdima. Kaimeni m'mbali mwa msewu nthawi imeneyo mudzaone: kamwana ka sitandade 2, juzi yakuda, chikwama chachikulu kuposa msana wake, kaima pakati pa msewu kudikira mpata, uku tekisi yaima mwadzidzidzi kutola munthu, uku lole ya mchenga ikubwera. Maloboti akazima, ndiye mtima umachita kufika pakhosi.

Kukulitsa kokha sikuthetsa vuto. Misewu ya N1, N3 ndi N12 anaikulitsa ndi ndalama zambirimbiri, msonkho wa pamsewu wotchedwa e-toll unayamba mu 2013 n'kudzathetsedwa mu April 2024, koma mdipiti uja unabwerera. Chimene chimathandiza woyenda pansi ndi chimene anamuganizira pojambula pulani. Anthu a ku Alexandra oyenda wapansi kupita ku Sandton anawamangira mlatho wawo pamwamba pa msewu wa M1 cha ku Grayston. Ndiye kuti n'zotheka.

Tikupempha zinthu zosavuta kumva: malo owolokera okhala ndi maloboti pomwe anthu amawolokera kale, osati kutali komwe palibe angapiteko, magetsi a mumsewu oyaka, njira ya oyenda pansi yosathera m'matope, ndi malo oti matekisi aziima kunja kwa msewu. Pomwe magalimoto amathamanga kwambiri pakufunika mlatho.

Nanga tikauze ndani? Apa m'pamene ambiri timasokonezeka. Misewu ngati N1 ndi N3 ili m'manja mwa SANRAL, bungwe la boma loyang'anira misewu ikuluikulu ya dziko lino, R511 ndi ya boma la chigawo cha Gauteng, pamene timisewu ta m'kati mwa makomboni timayang'aniridwa ndi Johannesburg Roads Agency. Choncho kalata iyenera kupita ku dipatimenti ya misewu ya Gauteng, ina kwa khansala wa wodi yathu. Mzinda umayamba chaka cha ndalama pa 1 July, ndipo usanavomereze bajeti umaitana anthu kumisonkhano ya pulani yake ya chitukuko, yotchedwa IDP. Tikufuna mawu athu afike pulani ikadali papepala. Simenti ikauma, palibenso adzatimvere.

Apa ndiye tikugwada. Choyamba, ngati pali m'bale kapena mlongo wodziwa kuwerenga mapulani a misewu, kaya ndinu injiniya, kaya wophunzira ku yunivesite ya Wits kapena ya UJ, kaya munagwirapo ntchito yomanga misewu, tipatseniko Loweruka limodzi. Mutiuze tanthauzo la mizere ya pamapu, mutithandizenso kulemba kalata m'Chingerezi chomveka. Ife tikudziwa bwino pomwe ana amawolokera, koma kuzilemba mmene akuluakulu a m'maofesi amafunira ndiye kukutivuta.

Chachiwiri, tikufuna akuluakulu operekeza ana m'mawa ndi masana. Sitikunena zoimitsa magalimoto, imeneyo ndi ntchito ya JMPD, apolisi a mzinda wa Johannesburg. Tikunena zosonkhanitsa ana pamalo amodzi, kuyenda nawo mpaka pamaloboti, n'kuwoloka nawo limodzi. Azibambo amene mumaweruka ku ulonda m'mamawa, tikudziwa kuti mumakhala mutatopa, komabe theka la ola lokha lingapulumutse mwana. Tikufunanso majekete owala aja a lalanje, matochi, ndi timalamba tonyezimira tosokerera pazikwama. Amayi a chipereganyu, ikani nkhaniyi pamsonkhano wanu wa mwezi uno. R20 ikwana kufotokopa makalata angapo.

Tikudziwa kuti ena mukuopa kusaina kalatayi chifukwa cha nkhani ya mapepala okhalira m'dziko muno. Mantha amenewo tikuwamvetsa, ndipo sitikakamiza munthu. Amene simungalembe dzina, perekezani ana kapena tiuzeni malo oopsa amene mwawaona. Ndipo kalatayi isakhale ya Amalawi okha. Anansi athu a kuno ku South Africa, a ku Zimbabwe ndi a ku Mozambique ana awo amawoloka pomwepo, choncho gogodani pakhomo pawo, muwafotokozere. Auzeninso mabwana anu a ku Fourways, poti nawonso amayendetsa galimoto mumsewu womwewu ndipo siginecha yawo imalemera.

Tizipezeka ndi mapepala osainira Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, komanso mutha kutilembera pagulu la makolo la WhatsApp. Amene mungathe kuperekeza ana, tiuzeni masiku amene muli ndi mpata kuti tigawane sabata isanayambe.

Ndife anu,
Komiti ya makolo