Mimbulu ya mu Dominions si ya dzinja

Akonzi,

Tipatseniko danga tikonze mawu amodzi amene akuluzitsa anyamata ambiri osewera Dominions kuno ku Harare. Gemu ya pakompyutayi ndi ya kampani ya Illwinter ya ku Sweden, ndipo ya nambala 6 idatuluka mu 2024. Pofotokozerana m'Chichewa, ambiri akumati zilombo za m'gemuyi zotchedwa Winter Wolves ndi "mimbulu ya dzinja". Apa ndiye pagona vuto. Dzinja lathu ndi la mvula ndi thukuta, chimanga chili m'munda, pomwe mimbuluyi ndi ya chisanu, chonga cha mu June chomwe chimatiumitsa zala podikira kombi m'mawa. Wongomva "dzinja" amaitulutsa kukutentha, nkumadabwa ikugwa ngati nkhuku za chitopa.

M'gemuyi kusewera kamodzi ndi mwezi umodzi, ndipo chaka chili ndi nyengo zinayi za ku Ulaya, iliyonse miyezi itatu. Kalendala ya pakhoma panu muyiiwale, muziwerenga yolembedwa pa sikirini. Nyengo iliyonse ili ndi zilombo zake zoitanidwa ndi matsenga: akabawi a Spring Hawks pophukira mitengo, mikango ya Summer Lions potentha, zimbalangondo za Fall Bears poyoyoka masamba, ndi mimbulu ija pozizira. Zimagulidwa ndi miyala yamatsenga: mikango imafuna miyala ya moto, mimbulu miyala ya madzi, akabawi miyala ya mpweya.

Chomwe nyengo imasintha ndi HP, kutanthauza kuchuluka kwa mabala amene chilombo chingapirire chisanafe. Pa nyengo yake HP imakwera, pa nyengo yotsutsana nayo imatsika. Tiyerekeze chilombo cha HP 20 chomwe mphamvu yake ya nyengo yalembedwa 50: pa nyengo yake chifika 30, pa yotsutsana chitsikira pa 10. Chilombo chomwecho, miyala yomweyo, koma kusiyana katatu. Nambalayi imaoneka mukadina pa chilombocho, ndipo ulesi wosadina ndi umene umadyetsa anthu miyala.

Kulakwitsa kwakukulu kuli pa kuwerenga miyezi. Mfiti yanu ikachita mwambo mwezi uno, zilombo mumazigwiritsa ntchito mwezi wamawa. Ngati mdani ali zigawo zitatu kuchokera kulinga lanu, ulendo ungadye miyezi ina iwiri kapena itatu, makamaka chipale chikagwa poti chimachedwetsa asilikali. Woitana mimbulu pakati pa chisanu ndiye kuti amafika pankhondo chisanu chitatha. Itanani masamba akuyoyoka, muyende, mumenye mwezi woyamba wa chisanu. Kusunga sikupweteka thumba chifukwa zilombo zambiri zoitanidwa sizilandira malipiro a golide ngati asilikali wamba.

Palinso kutentha kwa chigawo chenichenicho, komwe ndi nkhani ina ngakhale nyengo imakukankha uku ndi uku. Mmbulu umatulutsa chisanu mozungulira thupi lake, mkango umatulutsa kutentha, ndipo zonsezi zimakula kapena kuchepa malinga ndi mmene chigawo chilili. Zimatopetsa aliyense woyandikira wosazolowera, wanu yemwe. Kutopa kukafika pa 100 msilikali amakomoka ali chiimire. Choncho musasakanize mikango ndi anthu anu a mikondo pamzere umodzi. Iikeni pambali payokha, ithamange kutsogolo.

Chisanu chimasinthanso mapu. Mitsinje imaundana nkuwolokeka, pomwe mipata ya m'mapiri imatsekeka. Malire amene mumawayesa otetezeka chifukwa cha mtsinje angasanduke msewu wa mdani m'miyezi ya chisanu, ndipo ambiri amazindikira linga litazingidwa kale.

Zilombo zinayizi ndi mizimu, motero zida wamba zimangodutsa: mwa zikwapu zinayi, pafupifupi zitatu zimapita padera. Ichi nchomwe chimanamiza anthu kuti nyengo ilibe kanthu, popeza ngakhale mmbulu wofooka umatha kuthamangitsa asilikali a zibonga. Mdani akabwera ndi zida zamatsenga kapena afiti oponya moto, chitetezo chija chimatha, nkutsala HP yokhayo. Komanso zimafuna mtsogoleri wodziwa kulamula zamatsenga. Iyeyo akaphedwa gulu lonse latha, ndiye muikeni kumbuyo ndi omulondera asanu.

Ife osewera a ku Highfield,
Harare