Mnzanga, za ukwati wa ku Mauritius uja

Mnzanga,

Uthenga wako woti mukamangira ukwati ku Mauritius mu Febuluwale ndaulandira, ngakhale nkhaniyi mayi ako anali atandinong'oneza kale potuluka m'tchalitchi. Azakhali ako akuti ndege sakwera ngakhale uwalipirire. Amalume ako angoti duu, poti unkhoswe wawo sakuuona pamene ulowere. Izo tikambirana. Chandisowetsa tulo ndi mawu ako aja oti "a hotela akonza zonse." A hotela akonza maluwa, keke ndi wojambula. Mapepala ndi anu awirinu.

Ukwati wa alendo kumeneko umayambira ku Central Civil Status Office, ofesi yaikulu ya boma yolembetsa maukwati, m'nyumba ya Emmanuel Anquetil ku Port Louis. Kukadali mwezi wathunthu kapena kuposerapo, mutumize fomu yopempha, pamodzi ndi mafotokope a pasipoti ndi a setifiketi yakubadwa ya aliyense wa inu. Zikhale m'Chingerezi kapena m'Chifalansa. Iwowo amakukonzerani chikalata chotsimikiza kuti si inu nzika, ndiponso simukhala m'dzikomo. Chikalata chimenechi ndicho chimafupikitsa zinthu: eni dziko amadikira masiku 10 chilengezo cha ukwati chitapachikidwa, pomwe inu mutha kumanga ukwati mawa lake.

Mukatsika ndege musathamangire kunyanja. Mupite ku ofesi ija ndi mapepala enieni, osati mafotokope. Kuchoka apo mukalumbire ku Supreme Court kuti palibe choletsa ukwati wanu, kenako ku ofesi ya Civil Status ya dera limene kuli hotela yanu, kukapachikitsa chilengezo. Udzipatse masiku atatu ogwira ntchito, anayi ndi bwino koposa. Uyang'anenso kalendala yawo, chifukwa anthu aja maholide ngambiri: Cavadee, Maha Shivaratri, Divali, Eid, Chaka Chatsopano cha Atchaina, 12 Malichi tsiku la ufulu wawo. Ofesi ikatseka yatseka, keke isungunuke isasungunuke.

Tsopano setifiketi yakubadwa. Uli nayo? Ndikufunsa chifukwa kuno kulembetsa ana mokakamiza kunayamba mu 2015, ndipo ambiri a msinkhu wathu chomwe ali nacho ndi kadi yakusikelo yothimbirira, yopindidwa m'Baibulo la mayi. Kadi imeneyo ku Port Louis sikagwira ntchito. Upemphe setifiketi ku NRB, koma uwerengere bwino nthawi, poti a ku Port Louis amafuna yoti yatulutsidwa m'miyezi itatu yapitayi. Ikatuluka uyiike pambali pa pasipoti, uwerenge dzina chilembo ndi chilembo. Kwina "l" kwina "r", kwina dzina la bambo kwina la agogo, basi mwaima.

Koma nkhawa yanga yeniyeni ndi alamu angawa. Paja anachitapo chinkhoswe kwawo kuja asanapite ku Joni, eti? Usandikwiyire. Lamulo lathu la maukwati la 2015 limawerengera ukwati wachikhalidwe ngati ukwati weniweni, mofanana ndi wa kutchalitchi kapena wa kwa DC. Kunena kuti "tinangosiyana, aliyense anaona msana wa njira" sikuthetsa banja. Pakufunika chikalata cha khoti. Popanda chimenecho, munthuyo adzaima mu Supreme Court ya eni ake, dzanja m'mwamba, n'kulumbira bodza. Ndipo bodza lotere silithera pamchenga. Lidzakutsatirani pofunsira viza, pogula nyumba, ndipo Mulungu atalikitse, pa tsiku la maliro, mayi uja atatulukira ndi ankhoswe ake ndi ana awiri, iwe uli ndi chithunzi cha pagombe m'manja. Ndaliganizira tsiku limenelo mpaka ndaona ndi mtundu wa chitenje chimene adzavale. Uwafunse usiku uno, uone pepalalo ndi maso ako. Akayamba kukanda m'mutu, usalipire dipoziti.

Zinazi n'zopepuka. Mboni zikhale ziwiri, zazikulu, zokhala ndi ziphaso. Amalume atha kukhala mmodzi wa iwo, mwina mtima ungatsike. Mkazi amene banja lake latha pasanapite masiku 300 amamufunsa kalata ya dokotala yoti alibe pakati, koma iwe sizikukukhudza. Womangitsa ukwati adzakufunsani ngati chuma chanu chikhale chophatikiza kapena aliyense chake. Mugwirizaniretu kunyumba, si funso loyankha uli mu velo, anthu akujambula. Setifiketi ya ukwati ikatuluka, ikadindidwe chidindo cha apostille ku ofesi ya Nduna Yaikulu ku Port Louis komweko musananyamuke, kuti maiko ena asaikayikire.

Ndipo bwanji Febuluwale? Ndi mwezi wa anamondwe umenewo, nyengo yake imayamba Novembala mpaka Epulo. Wakusankhira tsiku ndani, alamu omwewa?

Azimayi a kuno ayamba kale kufunsa za yunifolomu, akuti ukwati wopanda perekaniperekani iwo sauwerengera, ndiye ndalama zomwe mayi ako akhala akufupa m'maukwati a eni zaka zonsezi zibwerera bwanji? Ndimafuna ndikuuzenso za mchemwali wako wamng'ono, koma magetsi angozima ndipo foni yatsala pang'ono ku